Masamu a ziwerengero asamukira pa intaneti: zomwe ana athu akukumana nazo ku yunivesite

Mwana akalowa yunivesite kukaphunzira za ulimi, za bizinesi, zachuma kapena za umoyo, pali phunziro limodzi lomwe limamudikira pakhomo ngakhale sadalisankhe. Dzina lake ndi Statistics. M'Chichewa tinganene kuti ndi phunziro la ziwerengero: momwe munthu angatolere manambala, kuwasanja, ndi kuzindikira zomwe akunena komanso zomwe sakunena. Ku mayunivesite a ku South Africa monga Stellenbosch, Pretoria, Cape Town ndi Unisa, ophunzira a madigiri ambiri amakumana nalo m'chaka choyamba kapena chachiwiri, ndipo amene walilephera sapitirira ku maphunziro ena omwe amatsamira pa ilo. Amabwereza basi.

Kubwereza ndi ndalama. Thandizo la boma la NSFAS lidakonzedwera nzika za dzikolo, choncho ana ambiri a ife obwera sali m'gululo. Fizi imachokera m'thumba la makolo omwe amathyola mphesa ku De Doorns kapena malalanje ku Letsitele, pomwe malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi lamulo adafika R28.79 pa ola mu Marichi 2025. Phunziro limodzi likabwerezedwa, ndi thukuta la masabata angapo lomwe lapita. N'chifukwa chake nkhani ya momwe phunziroli likuphunzitsidwira siyongokhudza aphunzitsi okha ayi. Ndi nkhani ya pakhomo.

Ndipo kaphunzitsidweko kasintha. M'zaka 20 zapitazi, aphunzitsi ambiri, makamaka ku America ndi ku New Zealand, akhala akuchoka pa choko ndi bolodi n'kuyamba kugwiritsa ntchito timapulogalamu ta pa intaneti tomwe wophunzira amadina, kukoka ndi kusintha yekha, n'kuona zotsatira zikusintha pamaso pake. Ambiri mwa mapulogalamuwa ndi aulere, ndipo amatseguka kulikonse komwe kuli netiweki, kaya ndi ku Boston kaya ndi pa kompaundi ya pafamu ku Limpopo.

Kale zinkayenda bwanji?

Amene adaphunzirapo Statistics kale akukumbukira. Mphunzitsi ankalemba fomula yaitali yodzaza zilembo za Chigiriki. Wophunzira ankaiiloweza, kuikamo manambala, kupeza yankho, kenako kutsegula kumapeto kwa buku komwe kunali matebulo a timanambala tating'onoting'ono n'kufufuza mzere woyenera ndi chala. Ambiri ankakhoza mayeso osadziwa kuti yankholo likutanthauza chiyani. Enanso ankalephera chifukwa mutu unkakana kusunga chinthu chomwe sakuchimvetsa, ngakhale anali ana anzeru ndithu.

Mu 2007, George Cobb, yemwe ankaphunzitsa pa Mount Holyoke College ku America, adalemba nkhani yomwe idagwedeza anzake pantchito. Mfundo yake inali yakuti mafomula ndi matebulo amenewa adapangidwa nthawi yomwe kunalibe makompyuta. Akatswiri akale ankadziwa funso lenileni, lomwe ndi lakuti: tikadabwereza zoyesa zathuzi kambirimbiri, zotsatira zikadasiyana motani? Koma kubwereza chinthu ka 1,000 ndi pensulo kukadatenga miyezi, ndiye adapeza njira zachidule za masamu. Lero kompyuta imabwereza ka 1,000 munthu asanaphethire. Nanga tikuphunzitsiranji ana njira yachidule, n'kubisa funso lenilenilo? Bungwe la akatswiri a ziwerengero ku America, American Statistical Association, lidali litavomereza kale mu 2005 ndondomeko yotchedwa GAISE, yomwe idakonzedwanso mu 2016. Mwa zina, imalimbikitsa kugwiritsa ntchito manambala enieni ochokera m'moyo, kuti ophunzira azichita okha m'malo mongomvetsera, komanso kuti makina azithandiza kuonetsa mfundo.

Malalanje 20 mu bini yodzaza

Kuti timvetse chomwe mwana amaona pa sikirini, tiyeni titenge chinthu chomwe ambiri timachidziwa. Zipatso zikamapita kunja, palibe amene amayeza chipatso chilichonse. Ku South Africa, oyendera a bungwe la PPECB amatsegula makatoni ochepa chabe n'kuweruza katundu yense potengera omwewo. Ku shedi yopakira nakonso, wina amatenga zipatso zingapo mu bini n'kunena ngati othyola agwira bwino ntchito kapena avulaza zipatso. Zochepa zimene zatengedwazo ndiye sampulo. Mayi aliyense amachita zomwezi akamalawa ndiwo: samwa mphika wonse kuti adziwe ngati mchere wakwana. Amatakasa, n'kulawa pang'ono pa chipande.

Tsono tiyerekeze kuti mu bini muli malalanje ambirimbiri, ndipo 10 mwa 100 alionse ndi ovulala. Woyendera watenga 20 osasankha. Masamu a pamutu akuti apeza awiri ovulala. Koma kodi nthawi zonse adzapeza awiri?

Apa ndi pomwe pulogalamu yotchedwa StatKey imalowera. Wophunzira amalemba kuti ovulala ndi 10 peresenti, sampulo ndi ya 20, kenako amadina batani lotenga sampulo imodzi. Kadontho kamodzi kamagwera pa galafu: mwina ovulala atatu. Akadinanso, kena kamagwera pa mmodzi. Akadinanso, pa awiri. Akatopa, pali mabatani otenga masampulo 10, 100 kapena 1,000 nthawi imodzi, ndipo timadontho timaunjikana ngati mulu wa chimanga pa mkeka, wokwera pakati, wotsika m'mbali. Akayang'ana muluwo amaona ndi maso ake kuti pafupifupi maulendo 12 mwa 100 woyendera sapeza lovulala ngakhale limodzi, ndipo pafupifupi maulendo 13 mwa 100 amapeza anayi kapena kupitirira, zomwe zikuoneka ngati othyola awononga kuwirikiza kawiri kuposa momwe zilili. Bini ndi yomweyo. Othyola ndi omwewo. Chasintha ndi mwayi wa dzanja lomwe lalowa mu bini.

Kenako mphunzitsi amati: sinthani 20 akhale 200. Mulu uja umafinyana, umakhala wowonda ndi wautali, ndipo kupeza ovulala 40 mwa 200 kumasanduka chinthu chosayembekezeka n'komwe. Pali lamulo lobisika apa lomwe kale ana ankaliloweza mu fomula: ukachulukitsa sampulo kanayi, kumwazikana kwa zotsatira kumatsika ndi theka lokha. Kulondola n'kodula. Mwana amene wakoka manambala yekha n'kuona mulu ukufinyana saiwala msanga lamulo limeneli, ndipo akamadzalemba mayeso, fomula ija imakhala ikumukumbutsa chithunzi chomwe adachiona.

StatKey idapangidwa kuti iziyendera limodzi ndi buku lomwe lidalembedwa ndi anthu asanu a banja limodzi: Robin Lock ndi mkazi wake Patti Frazer Lock, aphunzitsi a pa St. Lawrence University m'chigawo cha New York, pamodzi ndi ana awo atatu Kari, Eric ndi Dennis, onse akatswiri a ziwerengero. Bukulo amagulitsa, koma pulogalamuyo ndi yaulere ndipo safunsa dzina kapena kulembetsa. Zimasangalatsa kuganiza zomwe banja limeneli limakambirana pa chakudya chamadzulo.

Mu pulogalamu yomweyi muli njira ina yomwe Bradley Efron wa pa Stanford University adaitulukira mu 1979, yotchedwa bootstrap. Vuto lake ndi ili: m'moyo weniweni sutenga masampulo 1,000, umatenga imodzi. Tinene kuti mwayeza makireti 30 pa sikelo. Mungadziwe bwanji kuti avareji yomwe mwapeza ingasiyane motani ndi ya makireti onse a tsikulo? Efron adati: lembani kulemera kwa kireti lililonse pa kapepala, ikani timapepala 30 tija m'chipewa, tolani kamodzi, lembani, kabwezereni m'chipewa, tolaninso, mpaka ka 30, kenako pezani avareji. Bwerezani zonsezi maulendo ambirimbiri. Kusiyana kwa maavareji amenewo kumakuuzani kuti muikhulupirire motani avareji yanu yoyamba. Ndi manja, iyi ndi ntchito ya mwezi. Pa foni, ndi kudina kamodzi. Zaka zapitazo mfundo imeneyi inkadikira ophunzira a digiri yachiwiri. Lero ena amakumana nayo m'masabata oyambirira.

Diso limanama

Kutakasa kuja n'kofunika kuposa kukula kwa chipande, ndipo pali masewero otchuka ophunzitsira zimenezi. Allan Rossman ndi Beth Chance, aphunzitsi a pa California Polytechnic State University ku San Luis Obispo, ali ndi tsamba lodzaza timapulogalamu taulere. Kamodzi mwa ito kamagwiritsa ntchito mawu omwe Abraham Lincoln adalankhula ku Gettysburg mu 1863, omwe ndi mawu 268. Wophunzira aliyense amauzidwa kuti asankhe ndi maso ake mawu 10 omwe akuganiza kuti akuimira bwino mawu onsewo, n'kuwerengera avareji ya zilembo. Avareji yeniyeni ndi zilembo zinayi ndi pang'ono. Koma kalasi ikasonkhanitsa mayankho, ambiri amakhala pamwamba pa nambalayi, chifukwa diso limathamangira mawu aatali n'kulumpha tating'ono. Kenako amauza kompyuta kuti isankhe mawu mwachisawawa, ngati mayere, maulendo mazanamazana. Mayankho a kompyuta amazungulira pa nambala yeniyeni.

Phunziro lake n'lowawa pang'ono: munthu amene akuyesetsa kusankha mwachilungamo amakondera osadziwa. Aliyense amene adagulapo tomato wa mu ndowa amadziwa kuti wa pamwamba sanena zoona za wa pansi. Ndipo kapitawo amene amati amangotola zipatso zilizonse poyeza ntchito ya gulu lanu, dzanja lake nalo lili ndi komwe limakonda kupita.

Chitsanzo china chomwe chimaphunzitsidwa sabata zoyamba ndi kusiyana kwa avareji ndi nambala ya pakati. Tiyerekeze famu ya anthu 10: asanu ndi anayi amalandira R6,000 pa mwezi, manijala amalandira R46,000. Zonse pamodzi ndi R100,000, ndiye avareji ndi R10,000. Mwini famu akanena kuti antchito ake amalandira avareji ya R10,000 sadaname, komabe palibe ngakhale mmodzi amene amalandira ndalama imeneyo. Mukawaika pa mzere kuyambira wolandira zochepa, amene ali pakati amalandira R6,000. Pa pulogalamu, wophunzira amagwira kadontho ka manijala n'kukakokera kutali: avareji imakatsatira ngati mbuzi ya pachingwe, pomwe nambala ya pakati siisuntha. Amene adaliko nthawi ya sitiraka ya ku De Doorns mu 2012, pomwe antchito ankalandira R69 pa tsiku n'kumafuna R150, mpaka boma lidakweza kufika R105 mu 2013, akudziwa kuti mkangano wa malipiro umakhalanso mkangano wa manambala, ndipo mbali iliyonse imabwera ndi ake. Mwana wodziwa kufunsa kuti "avareji yake iti?" ndi wothandiza pa msonkhano.

Phunziroli lidabadwira m'munda

Ambiri sadziwa kuti gawo lalikulu la zomwe ana akuphunzirazi lidachokera ku ulimi. Mu 1919, Ronald Fisher adalembedwa ntchito pa malo ofufuzira za ulimi a Rothamsted ku England, komwe ankayesa feteleza pa minda ya tirigu kuyambira 1843 ndipo manambala anali atangounjikana m'mabuku. Vuto lomwe adalimbana nalo mlimi aliyense amalidziwa. Ukathira feteleza watsopano kumunsi kwa munda, wakale kumtunda, kumunsi n'kubereka bwino, ungadziwe bwanji kuti ndi feteleza osati chinyezi cha kumunsiko? Yankho la Fisher lidali lakuti munda ugawidwe m'ndime zambiri, ndipo mayere ndiwo asankhe ndime yolandira feteleza uti. Asanabwere iye, William Gosset, yemwe ankagwira ntchito ku kampani yofulula mowa ya Guinness ku Dublin, adali atapeza kale njira yoweruzira masampulo ang'onoang'ono. Adaisindikiza mu 1908 pogwiritsa ntchito dzina lobisika lakuti Student, ndipo mpaka lero ana a chaka choyamba amalimbana ndi njira yotchedwa t-test.

M'buku lake la 1935, Fisher adafotokoza za mayi wina yemwe ankati amatha kudziwa polawa ngati mu kapu mudayamba kuthiridwa mkaka kapena tiyi. Adakonza makapu asanu ndi atatu, anayi oyamba mkaka, anayi oyamba tiyi, n'kuwasakaniza. Pali njira 70 zosankhira makapu anayi mwa asanu ndi atatu, choncho munthu wongolota ali ndi mwayi umodzi mwa 70 wolondola onse. Maganizo amenewa ndiwo mtima wa phunziro lonse: usanakhulupirire kuti chinthu chagwira ntchito, yamba wafunsa kuti mwayi wokha ukadabweretsa zotere kangati.

Timapulogalamu ta masiku ano timangochita zomwezi mwachangu. Wina waponya ndalama yachitsulo ka 10, mutu wabwera ka 8. Kodi ndalamayo ili ndi chinyengo? Wophunzira amauza kompyuta kuti iponye ndalama yabwinobwino ka 10, ibwereze ka 1,000, n'kuwerenga kuti mutu wabwera ka 8 kapena kupitirira maulendo angati. Amapeza pafupifupi 55. Nambala imeneyi, yomwe m'mabuku amaitcha p-value, yazunza ophunzira kwa mibadwo, koma apa ikuoneka poyera kuti ndi kuwerenga chabe: mwa maulendo onse, ndi angati omwe mwayi wokha wafika pamenepa.

Tsamba lina lotchedwa Seeing Theory, lomwe Daniel Kunin adaliyamba akadali wophunzira pa Brown University, limayamba ndi ndalama yomweyi. Ukaiponya kochepa, mutu ukhoza kubwera motsatizana mpaka kudabwa. Ukaiponya kambirimbiri, mbali ziwirizo zimayandikira theka ndi theka. Koma ndalamayo sikumbukira zomwe zachitika. Mutu ukabwera kasanu motsatizana, kuponya kwachisanu ndi chimodzi mwayi udakali theka. Ndikadakonda abale athu omwe amathera malipiro a Lachisanu pa kubetcha pa foni, akumati lero ndiye nthawi yanga yakwana, akadakhala mphindi khumi pa tsamba limeneli.

Dokotala wa ku Nacala

Si mapulogalamu onse omwe amaphunzitsa za mwayi. Ena amathandiza kuona manambala enieni a dziko lapansi. Lotchuka kwambiri ndi Gapminder, ndipo mbiri yake imadutsa kufupi ndi kwathu. Hans Rosling wa ku Sweden adagwira ntchito ya udokotala ku Nacala, kumpoto kwa Mozambique, kuyambira 1979 mpaka 1981. Kumeneko adakumana ndi matenda opuwalitsa miyendo omwe pambuyo pake adadziwika ndi dzina lakuti konzo, ndipo kafukufuku wake adawalumikiza ndi kudya chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino m'nthawi ya chilala. Atabwerera kwawo n'kuyamba kuphunzitsa pa yunivesite, adapeza kuti ophunzira ake anzeru ankadziwa zochepa kwambiri za momwe moyo ukusinthira m'maiko osauka. Mu 2005, iye, mwana wake Ola ndi mpongozi wake Anna Rosling Rönnlund adakhazikitsa Gapminder.

Pa tsambali dziko lililonse ndi kampira. Kukula kwa kampirako kukuimira kuchuluka kwa anthu, malo ake pa galafu akuimira chuma ndi zaka zomwe munthu amayembekezera kukhala ndi moyo. Ukadina batani, zaka zimayenda ndipo timipira timasuntha. Mwana akhoza kusankha Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa n'kuona timipira tawo tikutsika m'zaka za m'ma 1990 pomwe Edzi idavuta, kenako tikukweranso mankhwala a ma ARV atayamba kufalikira. Mbiri yomwe makolo amaikamba pa maliro, iye amaiona ikuyenda pa sikirini. Rosling adamwalira mu 2017, koma tsambalo likugwirabe ntchito ndipo aphunzitsi ambiri amatsegulira nalo phunziro lawo.

Aphunzitsi enanso amadzipangira okha timapulogalamu totere. Chida chomwe ambiri amagwiritsa ntchito ndi R, pulogalamu yaulere yomwe Ross Ihaka ndi Robert Gentleman adaiyamba pa University of Auckland ku New Zealand kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2012 kampani ya RStudio, yomwe pano imatchedwa Posit, idatulutsa Shiny, yomwe imalola mphunzitsi kusandutsa masamu ake kukhala tsamba lokhala ndi mabatani. Ubwino wake ndi wakuti mphunzitsi wa za ulimi akhoza kuikamo manambala a mvula kapena a zokolola za dera lomwe ophunzira ake amachokera, m'malo mwa zitsanzo za masewero a ku America omwe mwana wa ku Mchinji kapena ku Chipata sadawaonepo.

Kudina sikumvetsa

Tisathamange kuombera m'manja. Mwana akhoza kudina batani ka 1,000, kuona timadontho tokongola tikugwa, n'kutseka foni mutu uli mbee. Izi si zongoganizira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Robert delMas ndi Joan Garfield a pa University of Minnesota, pamodzi ndi Beth Chance uja, adafufuza ophunzira awo omwe ndipo adapeza kuti kungowapatsa pulogalamu ndi malangizo sikunkasintha kwambiri kamvedwe kawo. Zinthu zidayamba kusintha pomwe ophunzira adauzidwa kuti ayambe alosera zomwe zichitike, alembe, kenako ayese pa kompyuta n'kuyerekeza ndi zomwe adalosera. Munthu amaphunzira pomwe zomwe ankakhulupirira zatsutsidwa pamaso pake.

Ndiye njira yake ndi iyi: pepala ndi cholembera zikhale pambali pa foni. Usanasinthe 20 kukhala 200, jambula momwe ukuganizira kuti mulu uja uonekera. Ukatero dina. Aphunzitsi ambiri odziwa ntchito amayambanso ndi zinthu zogwirika, monga makadi, ndalama zachitsulo kapena timapepala m'chipewa, kuti wophunzira adziwe chomwe kompyuta ikuchita isanayambe kuthamanga. Pakhomo, nyemba zoyera ndi zofiira mu thumba zikukwanira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Palinso nkhani ya mayeso. M'mayunivesite ambiri mayeso akadali a cholembera, kakyuleta ndi matebulo aja. Wophunzira amene wangokonda zithunzi n'kunyalanyaza kuwerengera ndi manja adzadabwa tsiku la mayeso. Kwa ine, mapulogalamuwa amagwira bwino ntchito ngati nyali younikira fomula, ndipo mwana ayenera kufunsa mphunzitsi wake sabata yoyamba kuti mayeso adzakhala otani.

Chinanso ndi chiyankhulo. Pafupifupi zonsezi zili m'Chingerezi, ndipo Chingerezi cha Statistics n'chachinyengo chifukwa chimatenga mawu a tsiku ndi tsiku n'kuwapatsa tanthauzo lina. Mawu omwe mumsewu amatanthauza chinthu chofunika kwambiri, m'kalasi muno amangotanthauza kuti mwayi wokha sukadabweretsa zotere kawirikawiri. Apa chithunzi chimathandiza mwana yemwe Chingerezi ndi chiyankhulo chake chachitatu, chifukwa mulu wa timadontho sufuna womasulira. Ndipo mwana amene angathe kufotokozera amayi ake m'Chichewa chifukwa chomwe malalanje 20 anganamizire bini yonse, ameneyo wamvetsa.

Foni, bandulo ndi magetsi

Mapulogalamuwa ndi aulere, koma njira yofikira kwa iwo si yaulere. Chaka cha 2020, pomwe Covid-19 idatseka mayunivesite n'kubweza ana kumakomo, chidaonetsa poyera kusiyana kwa mwana wokhala ndi laputopu ndi intaneti ya m'nyumba ndi mwana wokwera chulu kufuna netiweki. Kwa amene amaphunzira ali kunyumba, monga a ku Unisa omwe masana amagwira ntchito, vutoli ndi la chaka chonse.

Pali kusiyana kumodzi komwe kungapulumutse bandulo. Mapulogalamu monga StatKey ndi a Rossman ndi Chance, tsamba likangotseguka, masamu onse amachitikira mu foni kapena kompyuta yanu momwemo. Kudina ka 1,000 sikudya data yowonjezera yochuluka, ndipo netiweki ikagwa tsamba lili lotsegula, ntchito imapitirira. Ambiri mwa omwe adapangidwa ndi Shiny ndi osiyana: masamu amachitikira pa kompyuta ina kutali, ndiye netiweki ikaduka tsamba limachita imvi n'kuima. Amenewa ndi bwino kuwagwiritsa ntchito pa Wi-Fi ya pasukulu kapena ya ku laibulale. Chomwe chimamaliza bandulo kwenikweni ndi mavidiyo.

Mwana akapeza tsamba lakale lomwe likukana kutseguka, asaganize kuti foni yake yawonongeka. Timapulogalamu tambiri toyambirira tidalembedwa ndi Java kapena Flash, zomwe mabulawuza a masiku ano adasiya kuzilandira. Flash idathetsedwa kumapeto kwa 2020. Otchuka aja adalembedwanso mwatsopano, ena adangofa.

Funso lomwe makolo ambiri amafunsa ndi lakuti: kodi foni sikukwanira? Poyambira, inde. Kuponya ndalama, kuona timipira ta Gapminder, kutenga masampulo, zonsezi zimatheka pa foni ya sikirini yaikuluko, makamaka ikagonekedwa chammbali. Koma ikafika nthawi yolemba manambala ambiri, kutsegula mafayilo, kujambula magalafu oika mu asayimenti kapena kuika R yeniyeni, pamafunika kompyuta. Siyofunika yatsopano kapena yodula. Laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, bola batire lake likhale losunga moto chifukwa cha kuzima kwa magetsi, imagwira ntchito za chaka choyamba popanda vuto. Mabuku nawonso alipo aulere: OpenIntro Statistics amalola kulitsitsa pa intaneti lonse osalipira, ndipo likatsitsidwa kamodzi pa Wi-Fi limawerengeka popanda netiweki.

Chomwe chiyenera kufunsidwa musanalipire chilichonse ndi chakuti mphunzitsi akufuna pulogalamu iti. Ena amagwiritsa ntchito Excel, ena SPSS kapena SAS zomwe zimagulidwa, koma kawirikawiri yunivesite imakhala italipira kale ndipo zimapezeka m'chipinda cha makompyuta cha pasukulupo. Mabuku ena a makampani osindikiza amabwera ndi nambala yachinsinsi yotsegulira tsamba lochitira homuweki, ndipo nambalayo imagwira ntchito kwa munthu mmodzi yekha. Buku lotere mukaligula kwa wophunzira wa chaka chatha pa mtengo wotsika, nambalayo imakhala itagwiritsidwa kale ntchito, ndipo mumafunika kugula ina payokha.